Mayina Amene Anakana Kufufutika

1. Shedi yopanda anthu

Chaka cha 2015, kamsika kathu ka kuseri kwa njanji ku Kabwata anakagwetsa kuti amange katsopano. Miyezi isanu ndi iwiri tinagulitsira m'mbali mwa msewu. Fumbi linalowa m'zitenge zanga mpaka ogula ankandifunsa ngati ndi salaula, zovala zimene ena anavalapo kale.

Pofika Ogasiti shedi yatsopano inatha. Denga lalitali la malata, pansi simenti, pasimentipo manambala a penti yoyera kuyambira 1 mpaka 140. Munalibe tebulo ngakhale limodzi. Ukalowamo masana, mapazi ako ankamveka kutsogolo kwako, ngati pali wina amene wakutsogolera. Amayi ambiri ankazungulira kunja.

Malo anayenera kugawidwa Lachisanu, aliyense pa nambala yake yakale. Koma buku la komiti linali litanyowa ndi mvula mpaka kusanduka phala. Mayina onse anatsala malo amodzi okha: m'kompyuta ya mu ofesi ya msika. Amene anawalembamo ndi mwana wanga, Chikhumbo.

Chikhumbo anali ndi zaka 19. Atamaliza Giredi 12 anayamba kuphunzira za makompyuta m'tauni, m'kachipinda ka pamwamba kuseri kwa Cairo Road, kwa mphunzitsi wokalamba dzina lake ba Musonda. Msika usanagwe, iye anayenda kwa mayi aliyense kufunsa dzina ndi nambala. Chimene anapangacho ankachitcha hashi tebulo. Ine ndinkangoti kaundula. Ukachipatsa nambala, chimakulavulira dzina pomwepo, osachita kutsika mzere ndi mzere.

Pamsika pathu pali mwambo. Wogulitsa akamwalira, timayala chitenge chake pamalo pake, ndipo palibe wopondapo. Masiku akakwana, mwana wake amachichotsa n'kuyamba kugulitsa. Koma dzina silisintha. Malowo amatchedwabe a malemu. Choncho m'kaundulamo munali mayina khumi ndi limodzi a anthu amene ali kumanda, ndipo ana awo analibe pepala lina lililonse.

Nambala 1, pageti penipeni, anali ba Imelda. Anagulitsa tomato ndi anyezi pamenepo zaka 27. Anamwalira tidakali kumsewu. Mwana wawo Kalaba anasowa poyala chitenge, ndiye analowa m'shedi yatsopano, n'kuchiyala pa nambala 1, miyala inayi m'makona. Chinakhala pamenepo chokhachokha m'shedi yonse, chobiriwira.

2. Ndinanenerera

Lachitatu m'mawa kunabwera tcheyamani wa komiti, ba Katongo.

"Shani, bana Chikhumbo! Bizinesi?"

"Bizinesi ya fumbi. Mugula, kapena mwabwela kunitsekela dzuwa?"

Anaseka, n'kunjuta pafupi ndi ine. "Mwana wanu ni wanzelu maningi. Mwana wa mlongo wanga ali na ofesi ku Woodlands. Afuna mtsikana wa kompyuta. Mande angayambe."

Ine ndakalambira pamsika. Munthu akakuikira basela usanagule, dziwa kuti pansi pa mulu pali chowola.

"Nanga imwe mufuna chani?"

"Kanthu kang'ono chabe, mukwai. Msika ni wanyowani. Afafanize vakale vonse mu kompyuta, tilembe bwinobwino."

Ndinamva. Tcheyamaniyo anali ndi alamu ake, asuweni ake, anthu amene sanasenzepo dengu chibadwire. Mayina akafufutika, oyamba kugwa ndi ana a akufa.

Ndikanakana pomwepo. Sindinakane. Ndinayamba kunenerera.

"Nchito yeka? Yachepa. Nifuna malo ya pageti."

"Awe! Pageti ni pa ba Imelda."

"Si mwakamba mweka kuti vakale vifafanizike?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandipatsa dzanja. Inu amene mukumva nkhaniyi, ndikunena izi osabisa. Imelda anali mnzanga. Ankandisungira zitenge ndikapita kuchipatala. Malo ake ndinawanenerera ngati mulu wa tinsomba ta kapenta.

Chikhumbo anatsika minibasi masana. Ndinamukokera kuseri kwa katundu n'kumuuza zonse.

"Ba Mami, nanga ba Kalaba?"

"Kalaba ndiye anakubala? Tamvera kuno. Ine sukulu ndinalekera Giredi 4 ku Katete. Iwe ndakufikitsa Giredi 12 ndi zitenge izi, dzuwa likundiwotcha mpaka m'mafupa. Anzako amene unalemba nawo mayeso ali kuti? Ali ku Kamwala, kuimirira pakhomo la sitolo ya eni ake, kukuwa tsiku lonse. Ntchito ya mu ofesi siibwera kwa mwana wa pamsika kawiri. Wakuuza ndani kuti uphe munthu? Ungodina batani. Usandiyang'ane ngati ng'ombe yoona sitima. Tiye."

Ananditsatira.

3. Pepala loyera

Ofesi inali kumapeto kwa shedi. Njira yachidule yopita kumeneko inkadutsa pa nambala 1. Tikudutsa, kona imodzi ya chitenge chija inadzuka pang'ono n'kugonanso. Ndinayang'ana kumbali. Ndinati ndi mphepo, ngakhale kuti tsitsi langa silinamve mphepo iliyonse.

Magetsi anali atangobwera. Chikhumbo anayatsa kompyuta, ba Katongo ataimirira kumbuyo kwake. Anatayipa mzere umodzi waufupi. Chala chake chinalendewera pamwamba pa batani.

"Dina," ndinatero.

Anadina. Pagalasi panatuluka timizere tiwiri, pakati pake popanda kanthu.

"Vachoka," anatero ndi mawu aang'ono.

"Ine galasi siniikhulupilila," anatero ba Katongo. "Pulinta. Nione na maso pepala loyela."

Pulinta inatsokomola, n'kukoka pepala. Linatuluka pang'onopang'ono, lofunda. Ba Katongo analitola akumwetulira. Kumwetulirako kunauma.

Pamwamba panalembedwa kuti: 1. Imelda Besa. Pansi pake mayina ena onse, mpaka pepala kudzaza.

Anaiimitsa pulintayo ndi dzanja. "Iwe, usewela na ine?"

"Iyayi, ba tcheyamani. Mwaona mweka. Nafafaniza."

"Bwezapo."

Anatayipanso. Galasi linaonetsanso timizere tiwiri topanda kanthu. Tonse atatu tinaweramira pamenepo kuti tione bwino. Munalibe dzina ngakhale limodzi. Anadina kuti isindikize.

1. Imelda Besa.

Ulendo uno palibe anaigwira. Inkangokoka pepala, kulavula, kukoka lina, kulavula. Ine kuwerenga ndimachedwa, koma mayina a anzanga ndimawadziwa ngati nkhope zawo. Ndinaona Lena Kabamba, amene tinamuika zaka zisanu zapitazo. Ndinaona bana Mpundu, amene anagundidwa ndi galimoto pamphambano. Ankatuluka mmodzimmodzi n'kugwera pansi pafupi ndi mapazi anga. Mapepala atatha, pulinta inakhala chete, kanyali kofiira kakuphethira.

Kunja malata analira, kwee, kuchokera kugeti mpaka pamwamba pathu.

Ba Katongo anatulutsa kansalu n'kupukuta m'khosi. "Uja mai ananiuza," ananong'ona. "Pa chipatala. Anati, Katongo, olo nife, pageti sinizachokapo." Anabwerera chafutambuyo mpaka pakhomo. "Nibwela manjemanje. Osagwila chilichonse."

Tinamva nsapato zake zikuthamanga. Sanadutse m'shedi. Anazungulira.

Ndinakhala pa benchi n'kuyang'ana kukhomo, kumene chitenge chobiriwira chinkaonekera patali.

"Imelda mnzanga," ndinatero mokweza, "ndimangocheza naye Katongo uja. Umandidziwa pakamwa panga."

4. Ba Musonda pafoni

Chikhumbo anatulutsa foni n'kuimbira mphunzitsi wake. Anaika mawu pokweza kuti nanenso ndimve. Atafotokoza, mkuluyo anaseka mpaka kutsamwa.

"Mwana iwe! Za mwezi wa Malichi waiwala kale? Uli ndi matebulo angati m'pulogalamu yako?"

"Awili, ba ticha. La osesa msika, na la eni malo."

"La osesa ndi lotani?"

"Losinthika. Nimalifafaniza Mande iliyonse."

"Nanga la eni malo ndinakuuza ulipange lotani?"

Chikhumbo anatseka maso. "Losasinthika."

"Ba ticha," ndinalowerera, "kambani za anthu. Pali mzimu pano kapena palibe?"

"Ndani ameneyo? Amayi ake? Mumagulitsa chiyani, mayi?"

"Zitenge."

"Chabwino. Tebulo losinthika lili ngati bolodi la choko. Ndi limodzi, aliyense akuyang'ana lomwelo. Mukapukuta ndi nsanza, mwapukutira onse, ndipo zimene zinalipo zapita. Koma losasinthika lili ngati chitenge chamaluwa. Munthu atabwera n'kunena kuti, mayi, ndichotsereni maluwa awa, mungatani?"

"Maluwa a chitenge sachoka. Ndingamupatse nsalu ina yoyera."

"Basi, mwakhoza mayeso. Chilankhulo chimene timalembera mapulogalamu athuwa chimakonda zinthu zotero, zosalola kukhudzidwa. Mwana wanu walamula kuti tebulo lifufutike. Kompyuta yamupatsa tebulo lina, latsopano, lopanda kanthu. Ndi limene mwaona pagalasi. Iye wangoliyang'ana, sanalisunge paliponse. Lakale lija likadali pachingwe pomwe linali, ndipo pulinta ikutenga lomwelo. Angafufute kakhumi, azingopatsidwa nsalu zoyera khumi."

Ndinapuma.

"Ndiye nikatenga latsopano," anatero Chikhumbo pang'onopang'ono, "n'kulipatsa dzina la lakale, n'kulisunga pa fayilo..."

"Ndiye kuti palibenso chogwira lakale. Kompyuta idzalisesa ngati zinyalala. Mizere iwiri yokha."

Kenako foni inakhala chete. Ndinaganiza kuti mayunitsi atha.

"Chikhumbo," anatero mkuluyo, mawu atasintha. "Ameneyo ndi kaundula wa malo a anthu. Wakutuma ndani kuti umufufute?"

Mwanayo anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi.

"Usandiuze. Ingomvera. Ine ndinagwira ntchito ku Kopala, dera la migodi, pakampani ina imene sindiitchula. Nthawi imene makampani ankagulitsidwa, bwana wina anandiitana. Tinali ndi mndandanda wa amuna amene fumbi linawadya m'chifuwa, oyenera kumalandira mankhwala. Anati, Musonda, eni atsopano akufuna kuyamba poyera. Anandilonjeza kuti ine sadzandichotsa. Ndinali ndi ana anayi. Ndinadina. Wathu uja unali ngati bolodi, mwana wanga. Unapita nthawi yomweyo, ndipo panalibe pepala limene linabwerera kudzandiopseza. Ndikanakonda likanabwera.

"Patapita miyezi isanu ndi umodzi anandichotsa ndithu. Koma amuna aja sanandichotse. Ankandipeza pamsika, pabasi, pamaliro. Ba Musonda, tayang'anani m'makina mwanu, dzina langa lilimo. Akutsokomola. Ine ndinkati ndiyang'ana. Ndinathawira ku Lusaka chifukwa cha chifuwa cha anthu amenewo, ndipo mpaka lero munthu akatsokomola kumbuyo kwanga m'minibasi sinditembenuka.

"N'chifukwa chake ndinakuumiriza kuti tebulo la eni malo likhale losasinthika. Chinthu chimene anthu atsamirapo chisamafufutike ndi chala choterereka. Koma chala chofuna, palibe chilankhulo chimene chingachiletse. Lero unalakwitsa, ndipo kulakwitsako kwakupulumutsa. Tsopano ukudziwa. Ukalemba mizere iwiriyo, sikudzakhala kulakwitsa ayi. Udzakhala iweyo."

Foni inaduka.

5. Mizere iwiri

Mukuganiza kuti mawu amenewo anandisintha? Ayi. Ndinamva chinthu chimodzi chokha: palibe mzimu. Mantha atangochoka, dyera linabwerera pampando wake.

"Wamva," ndinatero. "Mizere iwiri. Lemba asanabwere."

"Ba Mami, simunamve vonse?"

"Ndamva nkhalamba yodandaula. Iyo inadya kale zake. Lemba!"

Asanayankhe, ba Katongo analowa ndi kabotolo ka mafuta odzozedwa. Anawaza pakhomo, pa pulinta, ngakhale pa nsapato zake. Maso ake anali ofiira.

"Vikali mo?" anafunsa, osayandikira.

Apa Chikhumbo anali ndi njira zitatu, ndipo ine ndinaziona zonse. Akanalemba mizere ija n'kupita ku Woodlands. Akanatinso, ba tcheyamani, ni ba Imelda, vakanika. Munthuyo akanakhulupirira, ndipo palibe akanamuda mwanayo. Bodza limenelo linali lotchipa kwambiri. Ine ndikanagula.

Iye anasankha njira yachitatu, n'kuimirira.

"Ba tcheyamani, si ba Imelda. Palibe mzimu. Nine n'nalakwisa kafafanizidwe."

Ba Katongo anatsitsa kabotolo. "Ati bwanji?"

"Manje naziba mochitila. Ni mizele iwili chabe." Anawayang'ana m'maso. "Koma sinizalemba."

"Chikhumbo!" ndinakuwa.

"Ba Mami, aba anthu n'nayenda kwa mmodzimmodzi. Ananiuza maina yao na pakamwa pao. Ba Imelda ananipasa tomato zitatu kuti nilembe bwino. Mukafuna, nimenyeni kunyumba. Sinizalemba."

Ndaonapo anthu akukwiya. Koma palibe wokwiya ngati mwamuna amene mtsikana wamuona akuwaza mafuta pa nsapato zake. Ba Katongo anaponya kabotolo pakona.

"Ka mwana ka pa maliketi! Woodlands uiwale. Uzagulisa vitenge mpaka mano yakagwe monga amako." Anamulozera chala pafupi ndi diso. "Uzanikumbuka."

Chala chimenecho ndicho chinandidzutsa. Si ulaliki wa ba Musonda, si chisoni cha Kalaba. Sindikunamizani. Ndinachimenya chalacho n'kuchigwetsa.

"Uyu mwana nimamukalipila neka. Imwe munamubala liti?"

"Bana Chikhumbo, tinapangana."

"Munagula katundu musanaone. Mwini katundu wakana. Msika watha."

Ndinawerama, n'kusonkhanitsa mapepala onse a pansi aja, n'kuwalowetsa m'chitenge changa pamimba. Anatambasula dzanja.

"Gwilani," ndinatero. "Gwilani pamimba pa mkazi wa mwini, nikuwe, muone amai a ku msewu ngati sazabwela na mipando."

Dzanja linabwerera. Anatitulutsa, n'kukhoma ofesi ndi loko wamkulu, kiyi m'thumba. Kompyuta inatsala mkati.

"Uganiza ndiwe weka unaphunzila mu Lusaka?" anatero kwa Chikhumbo. Anachoka foni ili kukhutu.

6. Nambala 88

Tinakhala pasitepe ya ofesi, shedi yonse ili patsogolo pathu. Dzuwa linkalowa m'mipata ya malata n'kugwera pa manambala.

"Wataya ntchito," ndinatero.

"Niziba."

"Wanditayitsa geti."

"Sinali geti yanu, ba Mami."

Ndinatulutsa mapepala n'kumupatsa. "Werenga. Lachisanu tikawaonetsa amayi onse, tione ngati Katongo angameze anthu 140."

Anawasanja pamwendo. Anatembenuza loyamba, lachiwiri, lachitatu. Pa lomaliza anaima.

"Ba Mami, mapepala yanathela pa 88."

"Nanga enawo?"

Analoza chitseko chokhomacho ndi mutu.

Malo anga anali nambala 103.

Ndinamasula chitenge chapamwamba, n'kuchiyala pakhomo penipeni pa ofesi, n'kukhalapo, msana wanga utatsamira loko.

"Thamanga kumsewu," ndinatero. "Ukauze Kalaba abwere. Ukauze aliyense wa nambala yoposa 88 kuti asiye tomato wake. Pano sindichoka mpaka Lachisanu."

Chikhumbo anadzuka. Koma asanafike pakati pa shedi, galimoto yoyera ya magalasi akuda inaima pageti. Ba Katongo anatsika kutsogolo. Kumbuyo kunatsika mnyamata wamtali wa shati yosita bwino, chikwama cha laputopu paphewa. Iye sanazungulire. Analowa molunjika, n'kuponda chitenge cha Imelda osachiona n'komwe.

Chikhumbo anabwerera kwa ine, nkhope itatuwa.

"Ba Mami, uyo ni Killian. Timankhala benchi imozi kwa ba Musonda."

"Ndiye?"

"Mayeso ya Malichi, ndiye anali nambala wani."